Mbusa akaika ulemu wake pachiswe: zimayenda bwanji, ndipo amalipira ndani?

Aepiskopi akangotulutsa kalata yodzudzula momwe zinthu zikuyendera m'dziko, kapena mbusa wina akalankhula mawu olasa pamaliro pomwe pakhala akuluakulu a chipani, magulu a WhatsApp a kuno ku Mangochi amagawikana pawiri. Ena amati, “Abusa asiye ndale, ntchito yawo ndi Baibulo.” Ena amati, “Koma ndiye mbusa ameneyu, osati enawa ongolandira maenvulopu.” Pakapita masabata awiri, mbusa yemweyo akaoneka atakhala pamphasa pa sadaka ya mnansi wake wachisilamu, omwe ankamuombera m'manja aja ndi amene amayamba kunong'onezana kuti abusa ayamba kusochera.

Mkanganowu sutha msanga chifukwa mbali zonse zimabwera ndi Baibulo m'manja, ndipo mavesi amene zimatsegula alimodi. Funso limene lagona pansi pake ndi ili: mtsogoleri wa mpingo ateteze dzina lake mpaka pati, ndipo ndi liti pamene ayenera kulola kuti anthu amunyoze?

## Baibulo limanena zonse ziwiri

Miyambo 22:1 imati mbiri yabwino iposa chuma chambiri. Paulo, polembera Timoteo za woyang'anira mpingo, anati munthuyo akhale ndi umboni wabwino ngakhale kwa anthu akunja (1 Timoteo 3:7). N'chifukwa chake posankha mkulu wampingo kapena katekisiti anthu amafufuza za banja lake, za ngongole zake, ngakhale za kumene amapezeka dzuwa likalowa. Palibe mpingo umafuna mtsogoleri amene amayi amamuimba nyimbo pamtondo.

Koma Paulo yemweyo anauza Agalatiya kuti akadakhala wokondweretsa anthu sakadakhala kapolo wa Khristu (1:10). Yesu anafika pochenjeza kuti tsoka kwa munthu amene anthu onse amamunenera zabwino, pakuti aneneri onyenga ankachitiridwa zomwezo (Luka 6:26).

Aphunzitsi a zaumulungu amagwirizanitsa mavesiwa posiyanitsa khalidwe ndi maonekedwe. Khalidwe ndi chimene munthu ali, kaya pali womuona kaya palibe: saba chopereka, sanama, salowa m'nyumba za eni. Maonekedwe ndi chithunzi chimene anthu ali nacho cha iye, zimene amakamba pamsika wa M'baluku kapena m'minibasi ya ku Monkey Bay dzina lake likatchulidwa. Masiku ambiri ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo mbusa safunika kusankha. Koma limafika tsiku limene zimapatukana: kuchita choyenera kumuchotsera ulemu, kusunga ulemu kukufuna kuti ayang'ane kumbali. Nkhani yonseyi ndi ya tsiku limenelo.

Sauli atafunsidwa ndi Samueli chifukwa chimene sanamvere Mulungu, anavomera kuti anaopa anthu ndi kumvera mawu awo. Chodabwitsa n'chakuti atangomva kuti ufumu wamuchoka, pempho lake linali loti Samueli amuchitirebe ulemu pamaso pa akuluakulu a anthu (1 Samueli 15:24, 30). Davide, amene anadzalowa ufumu pambuyo pake, anavina pamaso pa likasa mpaka mkazi wake Mikala anamunyoza kuti wadzichotsa ulemu ngati munthu wachabechabe. Iye anayankha kuti adzadzichepetsa koposa pamenepo (2 Samueli 6:22).

Chitsanzo chofanana kwambiri ndi moyo wa mipingo yathu ndi cha Petro ku Antiokeya. Ankadya bwinobwino ndi Akhristu osakhala Ayuda. Atafika alendo ochokera kwa Yakobo, anayamba kudzipatula, ndipo ngakhale Barnaba anatengeka naye. Palibe mfumu inamuopseza, palibe msilikali anamugwira. Ankaopa zimene anzake a mumpingo akakambe akabwerera kwawo. Paulo anamudzudzula pamaso pa onse (Agalatiya 2:11-14).

Ophunzira zaumulungu ali ndi mawu achigiriki akuti kenosisi, kutanthauza kudzikhuthula. Amachokera pa Afilipi 2:7, pamene pamati Khristu anadzikhuthula natenga maonekedwe a kapolo. Pamenepa ndi pamene pamachokera ganizo loti mtsogoleri wachikhristu asagwiritsitse ulemu wake ngati katundu. Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira ake, ntchito ya wantchito wapakhomo, ndipo analola kutchedwa bwenzi la amisonkho ndi ochimwa. Mawu ena amene mumawamva m'makalata a mipingo ndi akuti “udindo wa uneneri”. Apa sakunena zolosera amene apambane chisankho kapena tsiku limene wina apeze banja. Akunena zimene Natani anachita pouza Davide maso ndi maso kuti walakwa.

## Ulemu wa mbusa uli m'manja mwa yani

Anthu ambiri akamva za mbusa wolimba mtima amaganiza za wodzudzula boma. Koma mbusa wa ku Namwera, Malindi kapena Makanjira akhoza kugwira ntchito moyo wake wonse osakumana ndi nduna. Amene amasunga ulemu wake ali pafupi: akuluampingo, amayi a Mvano kapena a bungwe la amayi, anyakwawa, phungu wa dera, akuluakulu a sinodi kapena dayosizi, ndi anansi a chipembedzo china. Lero paonjezeka foni, imene imajambula mphindi imodzi ya ulaliki wa ola lathunthu n'kuitumiza kwa anthu amene sanamve chiyambi chake.

Pansi pa zonsezi pali nkhani ya ndalama, ngakhale sitikonda kuitchula. M'mipingo yambiri chakudya cha mbusa chimachokera m'mbale ya chopereka ndi chakhumi cha anthu omwewo amene akuwalalikira. Tchalitchi likafuna malata, pamachitika Pepa Sande, ndipo mlendo wolemekezeka amakhala amene ali ndi thumba: wamalonda, phungu, kapena wofuna kuima pachisankho. Wansembe wachikatolika amaikidwa paparishi ndi episkopi ndipo alibe mkazi ndi ana oti avutike naye, kotero ali ndi kachishango pang'ono, ngakhale parishi nayo imadalira zopereka. Mbusa amene anayambitsa yekha mpingo alibe womulamula, komanso alibe womutchinjiriza: akakhumudwitsa anthu, Lamulungu lotsatira amawapeza ali kutchalitchi la kutsidya kwa msewu.

Tiyerekeze motere. Mkulu wampingo wina ali ndi maboti awiri ndi chilimira. Ndi amene anagula simenti ya pansi pa tchalitchi, ndipo mkazi wa abusa akadwala ndi amene amatumiza galimoto. Zamveka kuti mwana wake wamwamuna wapereka mimba kwa mtsikana wa Sitandade 7, ndipo mabanja awiri agwirizana kuti mtsikanayo angolowa m'banja, nkhani ithe mwakachetechete. Malamulo a dziko ndi omveka: kuyambira 2017 malamulo aakulu salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Pamsonkhano wa akuluampingo wina akutsokomola n'kunena kuti, “Abusa, izi n'za m'banja, tisazikulitse.” Wina akukumbutsa kuti denga silinathe. Mlembi wagwira cholembera m'mwamba, akudikira kuti amve ngati nkhaniyi ilowe m'buku. Mbusa akanena kuti mtsikanayo abwerere kusukulu ndipo nkhani ipite kwa oyang'anira za ana, palibe wailesi idzamutamande. Chimene chidzamveke m'mudzi n'chakuti abusa atsopanowa ndi osayamika, ndi odzimva, sadziwa kukhala ndi anthu.

Asodzi akhoza kuimva msanga nkhaniyi. Siginala, uja amakhala ndi nyali m'bwato usiku n'kumalamula nthawi yoponya khoka, akaona kuti mwera ukubwera n'kunena kuti tibwerere kumtunda, anzake amang'ung'udza ndipo mwini zipangizo amawerenga mafuta a injini amene apita pachabe. Mphepo ikapanda kubwera, mawa akhoza kulembedwa wina. Akakhala chete pofuna kusangalatsa bwana, waika miyoyo ya anthu pamadzi. Kusiyana kwake n'kwakuti siginala amadziwika ngati ananena zoona kusanache, pamene mbusa akhoza kudikira zaka, mwinanso kusamutsidwa asanaone mapeto ake.

## Zimene zinachitika mu 1992

Palibe angakambe nkhaniyi m'Malawi osatchula pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya aepiskopi achikatolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Kalata yaubusa ndi uthenga umene aepiskopi amalembera Akhristu awo pa nkhani za chikhulupiriro ndi za moyo wa tsiku ndi tsiku. Iyi inakamba za malipiro ochepa a antchito, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kusowa kwa zofunika m'zipatala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha amene anatseka anthu pakamwa. Sinatchule kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda achoke. Koma m'dziko limene munthu ankamangidwa chifukwa cha mawu olankhula pamowa, zimenezo zinali zokwanira.

Anthu a kuno ali ndi gawo lawo. Mmodzi mwa osaina anali Ambuye Alessandro Assolari, episkopi woyamba wa Dayosizi ya Mangochi, pamodzi ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre ndi anzawo. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka, pamakina a ansembe a Montfort, m'dayosizi yomweyi ya Mangochi, ndipo patangopita masiku ochepa nyumba yosindikizirayo inatenthedwa. Apolisi anaitanitsa aepiskopi n'kuwapanikiza ndi mafunso kwa maola ambiri ku Blantyre. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Pamsonkhano wa akuluakulu a chipani cholamula panamveka mawu oti aepiskopiwo aphedwe. Monsinyolo John Roche wa ku Ireland, amene ankayang'anira Dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko pa Lachisanu Loyera chaka chomwecho.

Lero timawakumbukira ngati ngwazi, chifukwa tikudziwa zimene zinatsatira: bungwe la Public Affairs Committee, lomwe ambiri amangoti PAC, linakhazikitsidwa mu 1992 momwemo ndi atsogoleri achikhristu ndi achisilamu, riferendamu inachitika pa 14 June 1993, ndipo chisankho cha zipani zambiri chinabwera pa 17 May 1994. Koma mu March 1992 palibe ankadziwa zimenezo. Pawailesi ya boma, yomwe inali yokhayo m'dziko, ankanyozedwa ngati oukira. Si mipingo yonse inaima nawo nthawi yomweyo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaiwalika. Choyamba, anasaina onse ndipo kalata inawerengedwa tsiku limodzi paliponse, kotero kunali kovuta kutola mmodzi n'kumuthetsa mwakachetechete. Kulimba mtima kwawo kunali kokonzedwa bwino, sikunali kupsa mtima kwa paguwa. Chachiwiri, mipingo yomweyi inakhala zaka pafupifupi makumi atatu osalankhula poyera za nkhanza za boma la chipani chimodzi. Ena amati inkadikira nthawi yoyenera ndipo inkateteza sukulu ndi zipatala zake. Ena amati inkasunga ubale wabwino ndi boma pamene anthu ankavutika kundende ya Mikuyu. Akatswiri a mbiri yakale amatsutsanabe.

Zaka khumi zitadutsa, zinthu zinatembenuka. Mu July 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti inagwa m'nyumba ya malamulo itaperewera mavoti atatu okha, ndipo mipingo inali patsogolo poikana. Ena mwa amene ankatamanda aepiskopi mu 1992 tsopano anali m'boma, ndipo panamveka zoti mipingo ikulimbana ndi a Bakili Muluzi chifukwa ndi Msilamu. Kwa mbusa wa m'dera ngati lathu lino, mawu amodzimodzi amene ku Mzuzu ankamveka ngati a ndale, kuno akanamveka ngati a chipembedzo. Mu August 2011, patangopita milungu yochepa chichitikire zionetsero za pa 20 July zomwe zinaphetsa anthu pafupifupi 20, Ambuye Joseph Mukasa Zuza a ku Mzuzu analalikira pamapemphero a dziko lonse, a Bingu wa Mutharika ali pomwepo, kuti munthu wodziona ngati ali ndi mayankho onse ndi “chindere chakufikapo”, kutanthauza chitsiru chenicheni. Ena anati ndi uneneri, ena anati ndi mwano.

## Kuno kumene Akhristu ndi ochepa

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo oposa 70 mwa 100 alionse ndi Asilamu. Izi si zachilendo. Amishoni a Livingstonia anayambira ku Cape Maclear mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889 n'kuchoka mu 1891. Mtsogoleri wa mpingo kuno amayang'anidwa ndi maso a mbali ziwiri, ndipo chimene chimamukweza kwa ena chimamutsitsa kwa ena.

Nkhani ya hijabu inaonetsa zimenezi. Mu 2019 ndi 2020 kunabuka mikangano m'sukulu zina za mipingo m'maboma a Balaka ndi Machinga pa zoti atsikana achisilamu azivala hijabu m'kalasi kapena ayi. Katundu anaonongeka, maphunziro anaima. Mbali ina inkati sukulu ndi ya mpingo ndipo yunifolomu ili ndi malamulo ake. Ina inkati aphunzitsi amalipidwa ndi boma ndipo mwana asatsekeredwe kunja chifukwa cha chipembedzo. Mu 2021, kudzera ku PAC, atsogoleri a mbali zonse anasaina mgwirizano wolola hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu.

Pa nkhani yotere palibe njira yopanda mtengo. Wosaina amadziwa kuti akabwerera kwawo ena amuuza kuti wagulitsa sukulu imene makolo anaumba njerwa zake. Wokana kusaina amaoneka wouma mtima kwa boma ndi kwa anansi amene amagula nawo nsomba padoko limodzi. Onse awiri akhoza kunena moona mtima kuti aika dzina lawo pachiswe chifukwa cha chikhulupiriro. Apa ndi pamene zimaonekera kuti kunyozedwa pakokha si umboni woti munthu ali kumbali yolondola. Ngakhale Papa Francis, atasambitsa mapazi a achinyamata a m'ndende ku Rome pa Lachinayi Loyera mu 2013, ena mwa iwo atsikana ndi Asilamu, anatamandidwa ndi ena n'kudzudzulidwa ndi ena a mumpingo mwake momwe.

## Kulimba mtima kapena kudzitchukitsa?

Kudzudzula boma masiku ano kumatchukitsa. Kanema wa mbusa akukalipira nduna amayenda msanga pa Facebook kuposa ulaliki wa chikhululukiro, ndipo pali ena amene anazindikira zimenezi. Munthu akhoza kuoneka ngati akutaya ulemu pamene kwenikweni akusinthanitsa gulu lina la omuombera m'manja ndi lina lalikulupo. Petro anachenjeza kale kuti palibe chotamandika ngati munthu akupirira kumenyedwa chifukwa cha kulakwa kwake (1 Petro 2:20). Mbusa amene wafunsidwa za ndalama za chitukuko n'kuyamba kulalikira kuti akuzunzidwa ngati Yeremiya sakuika kanthu pachiswe, akubisala.

Amene amaphunzitsa za utsogoleri m'mipingo amafunsa kaye kuti wopindula ndani. Ngati ndi gogo amene akunamiziridwa ufiti, mtsikana amene akugonedwa kuti apatsidwe usipa padoko, kapena wodwala amene wasowa mankhwala, nkhaniyo imamveka mosiyana ndi pamene wopindula ndi mbusa mwini kapena chipani chimene amachikonda. Amafunsanso ngati muyeso wake ndi umodzi: amene anali mkango boma lapitalo n'kusanduka mwanawankhosa atalowa a kwawo, anthu amamuona. Pali funso la njira. Mateyu 18:15 amati wakulakwira umuyambe pa awiri, ndipo Natani anapita kwa Davide kunyumba. Ena amayankha kuti tchimo lochitikira pagulu ndi lovulaza gulu limayenera kudzudzulidwa pagulu, monga anachitira Paulo ku Antiokeya. Mipingo imasiyana pamenepa, ndipo ngakhale mumpingo umodzi abusa sagwirizana.

Mtundu wina wa kudziika pachiswe sukhudza kudzudzula aliyense. Ndi pamene mtsogoleri aulula chofooka chake. M'zaka za m'ma 1990, wansembe wa Anglican wa ku Uganda, Gideon Byamugisha, ananena poyera kuti ali ndi HIV, nthawi imene maguwa ambiri ankalalikira kuti matendawa ndi chilango cha achiwerewere. Kwa ine izi n'zovuta kuposa kukalipira nduna, chifukwa palibe mdani woti anthu amukwiyire m'malo mwako. Chimodzimodzi mbusa amene angaime pamaso pa mpingo n'kunena kuti, “Ndinaweruza molakwa nkhani ya mayi uja, tim'bwezere ku mgonero.”

## Amene amalipira nawo

Mbusa akasankha kuima payekha, sakhala yekha polipira. Mayi busa ndi amene amakapeza anzawo asiya kulankhula akangofika pamjigo. Ana ndi amene amauzidwa kusukulu kuti bambo awo ndi oukira. Thumba la chimanga la masika limene linkafika pakhomo chaka ndi chaka limasiya kubwera popanda wonena chifukwa. N'chifukwa chake abusa ena okhwima amalangiza achinyamata kuti asanatsegule pakamwa pa nkhani yaikulu, ayambe akambirana ndi a m'nyumba mwawo ndiponso ndi owayang'anira, ndipo atsimikize kuti zimene amva n'zoona. Kunamizira munthu paguwa kumaononga mbusa komanso nkhani yeniyeniyo.

M'mipingo imene ili ndi sinodi kapena dayosizi, mkangano ukakula nthawi zambiri umathera pa kusamutsa. Kalata imabwera, mpingo umakonza mwambo wotsanzikana, amayi amaimba, mphatso zimaperekedwa, katundu amakwera lole. Kalatayo sinena ngati munthuyo akulangidwa, akutetezedwa, kapena nthawi yake yangokwana, ndipo akuluakulu kawirikawiri safotokoza. Wobwera m'malo mwake amafika atamva kale zimene zinachitikira mnzake, ndipo pamsonkhano wake woyamba amapeza akuluampingo omwewo, mlembi yemweyo, ndi denga lomwe lija losatha.